Za mkaka kapena za nyama: m'mene khola langa la mbuzi likuyendera

Epulo 2024

Ndayamba kulemba izi kuti ndisamaiwale, chifukwa masiku okweretsa, mitengo ya madeya ndi mayina a mankhwala zayamba kusakanikirana m'mutu. Panopa ndili ndi mbuzi zachikuda zinayi, zonse zazikazi, ziwiri zinaswapo kale zinazo ndi misoti, tonde ndilibe timangodalira atonde a m'mudzi zikamasulidwa anthu akakolola. Malo ndi kuno kwawo kwa madamu cha ku Mitundu, munda ndi wochepa kuphatikizapo kadimba kamodzi, ndiye ngakhale nditafunitsitsa bwanji khola langa silingapitirire mbuzi 10, zikaposa pamenepo ndiye kuti tiyamba kuonana kwa amfumu pa milandu ya chimanga chodyedwa. Ndalama ya soya ikalowa ndikufuna ndilowetse magazi a mbuzi zamakono, funso ndi loti za mkaka kapena za nyama.

Pakhomo pano tagawanika. Madamu akufuna za mkaka, akuti ana azimwa tiyi ndi phala la mkaka, poti wa ufa wa mu shopu uja chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 timangouona pa shelefu. Amalume awo, omwe ndi eni mbumba ndipo mawu awo pamalo pano salumphidwa, anangoti "mkamwini, mbuzi ndi banki, fizi ikavuta kapena wina akadwala umagwira imodzi n'kupita nayo kumsika, nanga mkakawo mukagulitsa kwa ndani?" Ine mtima ukukokera ku Boer, zithunzi za pa Facebook zija za atonde a khosi lonenepa zimandisokoneza, koma ndalonjeza kuti sinditulutsa ndalama ndisanaone ndi maso mbali zonse ziwiri.

Meyi 2024

Mwezi uno ndathera kufunsa ndi kuyendera makola a anthu. Za mkaka zomwe zimatchulidwa kwambiri kuno ndi Saanen ndi Toggenburg, zonse kwawo ndi ku Switzerland, dziko lozizira la mapiri. Saanen ndi yoyera thupi lonse, Toggenburg ndi yofiirira yokhala ndi mizere yoyera kumaso. Kulinso Anglo-Nubian ya makutu ataliatali yomwe mkaka wake ndi wa mafuta ambiri, koma kuipeza ndi ntchito. Saanen yeniyeni ikamadya bwino imapereka malita 2 mpaka 3 pa tsiku, ina kuposa, ndipo umaikama miyezi mpaka 9 kapena 10, pomwe yachikuda ukaivutitsa ungapeze kapu imodzi ndiye walanda mwana wake. Koma Saanen yomweyo khungu lake limapsa ndi dzuwa, pa dzuwa la mu Okutobala lija singaime pamtetete ngati zathuzi.

Za nyama aliyense amangoti Boer. Kwawo ndi ku South Africa, thupi loyera mutu wofiira, makutu ogwa, tonde wamkulu amapitirira makilogalamu 100 pamene yachikuda yokhwima imasewera pa 25 kapena 30. Ziliponso Kalahari Red ndi Savanna zochokera komweko koma zimenezo ndimangoziona pa foni.

Chomwe chandiphunzitsa kwambiri ndi mayi ena omwe analandira mbuzi za mkaka kudzera mu ndondomeko yopatsirana ija, yoti ikaswa mwana woyamba wamkazi umapereka kwa mnzako. Ndinafika m'mamawa kuti ndione kukama, ndinawapeza atadula kale mtolo wa nsenjere kunja kusanache bwino, madzi ofunda otsukira bere ali poteropo, mbuzi itakwera pa kabenchi ikudya madeya iwo akukama. Mkaka unatuluka ndithu, lita ndi theka mbuzi imodzi m'mawa wokha. Nditawafunsa komwe amagulitsa anaseka, akuti "bambo, timamwa, wina timapanga chambiko, wina ndimapatsa ana a azichemwali anga, wogula amabwera mwa apo ndi apo." Apa ndi pomwe nkhani yonse yagona. Ma bulking group, magulu osonkhanitsa mkaka wa alimi, omwe ndikuwadziwa amalandira wa ng'ombe basi, anthu ambiri m'mudzi sanazolowere wa mbuzi amati umanunkha tonde (umanunkhadi ngati tonde akugona khola limodzi ndi yokamidwa kapena chigubu sichinatsukidwe bwino, kupanda apo ayi), ndipo ofuna mkaka wa mbuzi pa mtengo wabwino ali m'tauni. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 30, firiji ndilibe, ndiye kuti tsiku lililonse ndizikwera minibasi ndi malita atatu, thiransipoti yokha idya phindu lonse mkakawo usanafike n'komwe, ndipo likakhala tsiku lotentha ufika utasasa.

Nyama ilibe vuto limeneli. Mavenda amachita kubwera okha pa njinga kudzafunsa ngati pali yogulitsa, pa Mitundu pamsika mbuzi sigona, a kanyenya akufuna, a butchala akufuna, ukwati, chinkhoswe, maliro, kumanga chiliza, paliponse pamafunika mbuzi, ngakhale nthumbwana ndi mang'ina zili ndi eni ake. Ndipo ukapanda kugwirizana mtengo umabwerera nayo kunyumba n'kudzayesanso sabata ya mawa, mkaka sungabwerere nawo.

Juni 2024

Eid ya nsembe ija yagwa mwezi uno ndipo ndinapita kumsika osagula kanthu, kungoona. Mbuzi zazikulu zonenepa zimatha msanga, ogula sankanenerera kwambiri bola ikhale yokwana chaka, yopanda chilema. Zing'onozing'ono zowonda ndi zomwe zimatsala mpaka madzulo. Ndiye kukula kwa thupi kuli ndi ndalama ndithu.

Ndakhala pansi ndi kope. Mbuzi imatenga bere masiku pafupifupi 150, miyezi isanu, ukaisamala bwino imaswa katatu pa zaka ziwiri, ndipo zachikudazi zikaswapo kamodzi nthawi zambiri zimabweretsa mapasa. Zazikazi zinayi zitha kundipatsa ana 7 kapena 8 pa chaka ngati imfa zili zochepa. Kwa khola la mbuzi 10 ndiye kuti chiwerengero ndachipeza kale, chosowa ndi kulemera kwa mwana aliyense, ndipo chimenecho tonde mmodzi wabwino akhoza kusintha khola lonse pa ulendo umodzi. Ku mkaka sizili choncho, tonde wa Saanen atakwera zachikudazi ndidikire ana abadwe, akule, atenge bere, aswe, ndiye ndiyambe kukama patatha zaka ziwiri, theka la anawo n'kukhala amuna oti sakamidwa. Njira yachidule ndi kugula yaikazi yokamidwa kale, koma imodzi yokha mtengo wake ungagule zachikuda zitatu.

Nkhani ina ndi ya Boer weniweni kapena cross, wosakanikirana magazi ndi wachikuda. Mlangizi wa ziweto wa dera lathu anandiuza mosabisa kuti weniweni pa khola ngati langa ndi kutaya ndalama, amafuna chakudya chambiri, nyongolotsi zimamugwira msanga, ndipo matenda a nkhupakupa aja a heartwater akamupeza amazungulirazungulira, kugwa, kupalasa miyendo, mawa lake mwakumba dzenje. Zachikudazi zinakulira momwemo nkhupakupa zikuziluma chibadwire, n'chifukwa chake zimapirira. Ndiye chomwe tagwirizana pakhomo ndi ichi: bizinesi ikhale ya nyama, maziko akhale zachikuda zomwe ndili nazo kale, ndigule tonde wa cross ya Boer, ndalama yomwe ndapulumutsa posagula weniweni ipite ku mbuzi imodzi yokha ya cross ya Saanen ya mkaka wa pakhomo, osati wogulitsa. Madamu avomera koma akuti kukama ndi kwawo, kudula udzu ndi kwanga ndi mnyamata wathu wamkulu.

Julayi ndi Ogasiti 2024

Khola. Tamanga la m'mwamba, pansi pake patalika pafupifupi mita imodzi kuchoka pa dothi kuti munthu azitha kukokolola ndowe ndi khasu, nsichi za bulugama, pansi tayala timitengo tosiya mpata woti chala chilowe, ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. Kalipentala amafuna kusiya mipata ikuluikulu kuti mitengo ichepe, tinakanganapo pang'ono. Zipinda ndi zitatu, cha zazikazi, cha tonde chomwe ndachiika kumapeto mbali yomwe mphepo sibweretsa fungo, ndi kachipinda ka yoswa kapena yodwala. Malo ndawerengera sikweya mita imodzi ndi theka pa mbuzi yaikulu. Denga ndi la udzu, malata adikire. Chitseko chili ndi loko ndipo khola layang'ana windo la kuchipinda kwathu, akuba mbuzi kuno sachita nthabwala makamaka Khirisimasi ikamayandikira.

Ntchito ina yomwe inatenga nthawi ndi kusunga chakudya. Chaka chino mvula inadula chifukwa cha El Niño, boma linachita kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pa ngozi, ndiye ndikudziwa kuti kutchire kuuma msanga ndipo madeya adula. Tatuta zotsala za mtedza ndi soya zonse, zathu ndi za aneba omwe amafuna kutentha, taunjika pa thandala pamthunzi, mapesi nawonso. Kudimba ndadzala mizere ya nsenjere m'mbali mwa ngalande, ndipo ndafesa lukina ndi gliricidia m'machubu kuti ndidzaoke mvula ikagwa.

Seputembala 2024

Zonse ziwiri zafika. Tonde ndinamupeza kwa mlimi wina amene anandionetsa bambo ake ndi mayi ake, bambo Boer weniweni mayi hafu, ndiye iyeyu ndi wa magawo atatu mwa anayi. Ichi ndichofunika chifukwa masiku ano mbuzi iliyonse ya mutu wofiira ikugulitsidwa ngati pure, mapepala palibe, ukapanda kuona makolo ndiye wagula mtundu wa ubweya. Ndinamutsegula kukamwa, mano akuluakulu awiri akutsogolo atuluka kumene kusonyeza kuti wangopitirira chaka, machende onse awiri ofanana, miyendo yowongoka, msana wotambalala.

Ya mkaka ndinagula kwa mayi ena a gulu lopatsirana mbuzi lija, hafu Saanen, inaswapo kamodzi ndipo ili ndi bere la tonde wa cross ya Saanen yemweyo wa gulu lawo, akuti iswa mu Disembala. Apa ndinayang'anitsitsa bere la mkaka, mawere awiri okha ofanana, opanda zotupa zolimba mkati, chifukwa ya mkaka ikaonongeka mbali imodzi ndiye wagula hafu ya mbuzi. Ku ma cross a Boer mawere owonjezera amapezeka kawirikawiri ndipo ku nyama sitidandaula nazo kwambiri, koma yokama ayi.

Kalata ya amfumu a komwe ndinagula ndi pemiti ya kwa a zaziweto ndinatenga, pa rodibuloko popanda zimenezi umasanduka wakuba. Zitafika sindinazisakanize ndi zinzake, zakhala pazokha pafupifupi mwezi wathunthu, ndazimwetsa mankhwala a nyongolotsi, kupopera a nkhupakupa ndi kudula ziboda. Ya bereyo mlangizi anachita kusankha yekha mankhwala ake, akuti albendazole sapatsa mbuzi yomwe yatenga bere posachedwa.

Okutobala ndi Novembala 2024

Miyezi iwiri imeneyi ndi yomwe imakuuza zoona za mtundu womwe wasankha. Kutchire kulibe kanthu, kwapsa, zachikuda zikumangotola masamba ogwa ndi nyemba za msangu n'kumaoneka bwinobwino, tonde wayamba kuonetsa nthiti pang'ono, ya Saanen ikangophonya madeya tsiku limodzi imalira ngati yaiwalidwa ndipo dzuwa likakwera imathawira kunsi kwa khola. Madzi imamwa pafupifupi kawiri kuposa zinzake. Zotsala za mtedza zija ndi zomwe zatipulumutsa, ndikuzipatsa m'mawa ndi madzulo, kuwonjezera kholowa wa kudimba, masamba a nandolo ndi kamchere pang'ono.

Kukweretsa ndachita dala mu Okutobala kumapeto ndi Novembala kuti ana adzabadwe mu Malichi ndi Epulo, mvula ikupita kumapeto, msipu uli wambiri, kutsogolo kuli zokolola. Ana obadwa pakati pa dzinja amavutika ndi chinyezi ndi kutsegula m'mimba. Vuto linali loti nyengo ino mbuzi za m'mudzi monse zimakhala zomasula, ndiye ukangotsegulira yaikazi yomwe ikufuna tonde, ija yolira ndi kugwedeza mchira, katonde kachikuda kam'mudzi kamakhala katafika kale iwe usanatseke chitseko, ndalama yonse ya Boer ija n'kupita pachabe. Ndiye zazikazi zakhala zotsekeredwa mu mpanda mpaka ndinatsimikiza kuti zatenga, ukaona patha masiku 21 osafunanso tonde ndiye kuti zatheka. Zitatu zakweredwa ndi wa Boer. Msoti wina ndi wochepa thupi, ndinaopa kuti mwana wamkulu angadzaukanirire poswa, ndiye umenewo ndausiyira tonde wachikuda wa alamu anga, zithandizanso kuti ndidzakhale ndi poyerekezera.

Aneba ayamba kubweretsa mbuzi zawo kuti tonde akwere. Ndikulandira ndowa ya madeya pa mbuzi iliyonse m'malo mwa ndalama, koma yokhosomola, ya mphere kapena ya zilonda kukamwa ndikubweza, ena akhumudwa nazo.

Disembala 2024 mpaka Febuluwale 2025

Ya Saanen inaswa Khirisimasi isanafike, mapasa, wamwamuna ndi wamkazi. Masabata awiri oyamba sitinakame, mkaka woyamba wachikasu uja ndi wa ana. Kenako tinayamba kuwapatula usiku, m'mawa madamu amakama kaye ndiye n'kuwatsegulira ayamwe tsiku lonse. Ikutipatsa pafupifupi lita imodzi m'mawa uliwonse, tsiku lomwe yadya bwino imapitirirako pang'ono. Timasefa ndi kansalu koyera n'kuwiritsa nthawi yomweyo, wosawiritsa sitimwa chifukwa cha matenda ngati brucellosis. Lita imodzi ikumveka yochepa koma pa nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi mu Januwale, nthawi yomwe ndiwo ndi nkhwani tsiku ndi tsiku, phala la ana lasintha. Amalume aja masiku ano akumadutsira kuno m'mawa nthawi ya tiyi, koma akuti maganizo awo pa za msika sanasinthe ndipo pamenepo sakunama.

Tsopano mtengo wake wa lita imeneyo. Choyamba madeya. Ndi njala ya chaka chino madeya akulimbirana anthu ophika nsima ya gaga, a nkhumba, a nkhuku ndi ophika kachasu, pa chigayo umachita kusungitsa. Ya mkakayi imafuna pafupifupi hafu kilogalamu pa tsiku kuti isatsike, ndikaphatikiza ndi soya wokazinga wogaya pang'ono, ndikachepetsa mawa lake chigubu chimanena. Zachikuda zinayi za bere zija sizikudya madeya ochuluka choncho zonse pamodzi. Chachiwiri nthawi. Dzinja lino mbuzi sizimasulidwa, anthu amamangirira pa chingwe, ine ndasankha kudulira chifukwa nyongolotsi zimakhala pa udzu waufupi wonyowa, ndiye m'mawa uliwonse tisanapite kokapalira pamafunika mitolo ya nsenjere ndi masamba. Lukina ndimasakaniza osapitirira gawo limodzi mwa atatu, akachuluka amathothola ubweya. Chachitatu, chomwe sitinkachiwerengera bwino ndi maliro. Kunagwa zovuta kumudzi kwathu kwa ine, timayenera kukagona konko, ndiye funso linali loti akama ndani, mbuzi ya nyama umangouza mwana wa aneba kuti aiponyere udzu ndi madzi, ya mkaka imafuna dzanja lomwe yazolowera ndipo ana akadzaleka kuyamwa ukadumphitsa bere limatupa n'kuyamba matenda. Madamu anachita kubwerera m'bandakucha pa kabaza.

Nyongolotsi zinayamba mu Januwale. Mlangizi anandiphunzitsa kutsitsa chikope cha m'munsi n'kuona mtundu wa mkati mwake, kukakhala kofiira bwino ili bho, kukayamba kuyera ndiye kuti nyongolotsi zikuyamwa magazi, zikafika poipa pansi pa chibwano pamatupa madzi. Pali ndi khadi lake la FAMACHA lochokera ku South Africa la manambala 1 mpaka 5, ine ndilibe ndimangoyerekeza ndi chithunzi cha pa foni. Yoyamba kuyera inali ya Saanen, wachiwiri tonde, zachikuda zinayi zonse zofiira bwinobwino. Ndinamwetsa ziwiri zokhazo, akuti kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi ndi komwe kumapangitsa kuti mankhwala asiye kugwira ntchito. Ndipo apa ya mkaka inandidyanso kawiri, chifukwa ukaimwetsa mankhwala mkaka wake anthu samwa mpaka masiku olembedwa pa botolo atakwana, ndiye unapita kwa ana ake ndi galu, ndipo ivermectin yomwe ndimabaya tonde kwa yokamidwa mlangizi anakaniza.

Nkhupakupa ndikumayang'ana kawiri pa sabata, kunsi kwa mchira, m'makutu, pakati pa ziboda, makamaka zamawangamawanga zija zomwe zimabweretsa heartwater. Botolo la oxytetracycline, mankhwala ochiza matendawa, lili m'nyumba ndi jekeseni wake, sindinaligwiritsebe ntchito.

Malichi ndi Epulo 2025

Zonse zaswa. Zikuluzikulu ziwiri mapasa, msoti wokweredwa ndi wa Boer uja mmodzi, msoti wa tonde wachikuda mmodzi, onse pamodzi ana 6. Palibe yomwe inavutika poswa kupatula msoti wa Boer womwe unatenga nthawi ndithu tili chilili ndi tochi. Ndinagula sikelo yopachika, ndimaika kamwana m'thumba n'kukoleka pa nthambi ya mango. Ana a Boer anabadwa pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 3, wachikuda sanafike 2. Mmodzi mwa mapasa anafa ali ndi sabata ziwiri, anayamba kutsegula m'mimba usiku kukacha anali atafooka kale. Atsala 5, atatu amuna awiri aakazi, onse a mitu yofiirira kupatula wachikudayo yemwe ndi wakuda ngati mayi ake. Amuna ndawafula ndi mphira akadali aang'ono kuti asadzakwere azilongo awo komanso nyama yake isamanunkhe.

Ana a Saanen tawaletsa kuyamwa ali ndi miyezi itatu, ndiye pano tikukama kawiri, m'mawa ndi madzulo, zonse pamodzi lita ndi theka. Wotsala madamu akumapanga chambiko. Anthu awiri atatu ayamba kubwera ndi kabotolo kudzagula wa odwala, timawapatsa, koma ndalama yake ndi yogulira sopo basi. Mayi wina amafuna wa khanda la miyezi inayi tinamukaniza, tinamuuza apite kuchipatala akamulangize, mkaka wa mbuzi sulowa m'malo mwa bere la mayi.

Ndowe zomwe zinaunjikana kunsi kwa khola tatuta ngolo yathunthu, zina zapita kudimba zina ndasunga zopangira manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndi madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono. Ndi mtengo wa feteleza wa masiku ano phindu ili ndikuliwerengera pamodzi ndi nyama.

Juni ndi Julayi 2025

Sikelo ikuti pa miyezi itatu ana a Boer ali pakati pa makilogalamu 11 ndi 13, wachikuda ali pa 8, chakudya chimodzimodzi khola limodzi. Kusiyana kumeneku ndi kwa magazi a Boer osafika ndi theka lomwe, ndipo mpaka pano palibe mwana wa cross yemwe wadwala kuposa wachikudayo, ndiye sindikuona chifukwa chothamangira weniweni. Mwina ndidzakwera pang'ono kufika hafu, kupitirira apo ndiye kuti ndayamba kuweta mbuzi zofuna dotolo.

Mfule wa Saanen uja ndamugulitsa ali ndi miyezi 6 chifukwa khola linafika 13. Ndi wamtali kuposa onse koma venda anangomugwira pamsana ndi pa ntchafu n'kunena kuti "bwana, apa ndi mafupa ndi miyendo," mtengo womwe anapereka unali wa kambuzi kachikuda wamba. Sindinakangane naye kwambiri chifukwa ndinagwiranso ndekha, mbuzi ya mkaka chakudya chake chimapita ku bere osati ku mnofu, ndipo mwana wamwamuna amatengera thupi lomwelo. Amene akuganiza zoweta za mkaka zokhazokha awerengeretu kuti theka la ana ake lidzakhala lotere.

Izi zandithandiza kuthetsa funso lomwe linatsala, loti ya Saanen ikweredwe ndi ndani ulendo uno. Kuchuluka kwa mkaka kumachokera kwa mayi, tonde amene wakwera sasintha kanthu pa chigubu cha chaka chimenecho, iye amangosintha ana. Ndiye palibe chifukwa chosungira kapena kukabwereka tonde wa mkaka chaka chilichonse, ikweredwa ndi wa Boer yemweyu, ana adzakhale a nyama ife tizikama monga kale. Tonde wa Saanen ndidzamufuna pokhapokha ndikafuna mwana wamkazi wolowa m'malo, ndipo ameneyo ndili naye kale, wobadwa mu Disembala uja. Pulani ndi yoti mayi akweredwe mu Ogasiti, tisiye kumukama mu Novembala kuti apume miyezi iwiri asanaswe, mwana wakeyo adzakweredwe akakwana chaka ndi thupi lokwanira, kuti ina ikamapuma ina izikamidwa. Za mkaka zithera pa ziwiri zimenezi, madamu anayesa kunena za yachitatu ndinawafunsa kuti udzu wake adula ndani, nkhani inathera pomwepo.

Eid ya chaka chino yandidutsa chifukwa ana anali asanakwane chaka, koma imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse ndiye ya 2026 igwa kumapeto kwa Meyi, afule a Boer adzakhala ndi miyezi 13 kapena 14, ndikuwasungira imeneyo. Wachikudayo apita pa Khirisimasi pamodzi ndi mbuzi imodzi yaikulu yomwe mano ayamba kutha. Ana aakazi awiri a cross atsala ngati mbewu, kutanthauza kuti tonde ayenera kuchoka asanafike pokweredwa, ndayamba kale kukambirana ndi mlimi wina wa cha ku Nathenje yemwe ali ndi wa mtundu womwewu kuti tidzangosinthana mu Janyuwale, ndikufuna ndikaone kaye khola lake ndi m'maso mwa mbuzi zake.

Zomwe zatsala mwezi uno: kututa zotsala za mtedza anthu asanayambe kutentha, kusintha timitengo tiwiri ta pansi pa chipinda cha tonde tomwe tathyoka ndi kulemera kwake, kudula ziboda zonse, ndi kupeza malata asanu a mbali ya yokamidwa chifukwa udzu wa denga unayamba kudontha mu Febuluwale.